Lachinayi la chiperoni: mapulinta atatu ndi funso la aphunzitsi

Kunja kwacha ndi chiperoni. Phiri silikuoneka, nkhungu yatsikira mpaka m'tauni, ndipo rimu ya mapepala imene inagona yotsegula pa shelefu yayamba kupindika m'makona. Mapepala otere amamatana, pulinta imakoka awiri kapena atatu nthawi imodzi n'kutsamwa, anthu n'kumati makina afa pomwe wolakwa ndi chinyezi. Kuno ku Zomba, kuyambira dzinja mpaka chiperoni cha June ndi July, rimu ikatsegulidwa izibwezedwa m'chikutiro chake n'kumangidwa m'jumbo. Mu thireyi muziika ongokwanira ntchito ya tsikulo, mutawakupiza kaye ndi chala ngati mukuwerenga ndalama kuti alekane.

Cha m'ma 8 koloko kuno kokonzera mapulinta kwabwera kapulinta ka makatiriji (timabokosi ta inki tochotseka) kuchokera ku Matawale, kokulungidwa m'chitenje pa kabaza. Kanagulidwa kuti mwana wa Folomu 4 azisindikizira mapepala a mayeso akale, ndipo MSCE itatha kanangokwezedwa pamwamba pa kabati. Kakuyaka, kakukoka pepala bwinobwino, koma pepalalo likutuluka loyera mmene lalowera. Inki yauma pa timabowo totulukira. Tachotsa makatiriji onse awiri, tanyowetsa tishu ndi madzi owiritsa ongofunda pang'ono, n'kukhazika katiriji iliyonse pa tishupo mphindi zisanu, mbali yotulukira inki ili pansi. Timadontho ta kopa ta kumbuyo kwake tisanyowe ndipo tisagwidwe ndi zala, chifukwa ndi momwe mumadzera magetsi. Kenako tadinda pa tishu youma. Katiriji yakuda yamoyo imasiya chidindo chimodzi chakuda bii, yamitundu imasiya mizere itatu: wabuluu, wapinki ndi wachikasu. Yakuda yadzuka. Yamitundu yasiya mizere iwiri yokha, wachikasu wakana ngakhale titabwereza katatu. Poti mitundu itatuyo imakhala m'katiriji imodzi, umodzi ukafa mumagula yonse, iwiri inayo ikadali ndi inki.

Apa ndi pomwe kapulinta kotchipa kamabwezera. Katiriji yakuda ya HP 305 anailembera masamba pafupifupi 120, yaikulu yake ya 305XL masamba 240, ndipo PG-445 ya Canon masamba 180. Rimu imodzi ili ndi mapepala 500, ndiye kuti makatiriji anayi a masamba 120 saimaliza n'komwe. Pomwe pa pulinta ya thanki, imene inki yake mumathira kuchokera m'botolo, botolo limodzi la inki yakuda ya Epson 103, la mamililita 65, analilembera masamba 4,500, omwe ndi marimu 9. Gawani 4,500 ndi 120, mupeza makatiriji 37 ndi theka. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho masamu achite aliyense ali mu shopu momwemo: mtengo wa inki kugawa ndi masamba olembedwa pa bokosi, zotulukazo ndiye mtengo wa tsamba limodzi. Ziwerengero za pa bokosizo amazipeza pa masamba oyesera a inki yochepa. Zithunzi za ukwati zodzaza pepala lonse sizingafike pamenepo.

Nthawi ya tiyi afika aphunzitsi ena a ku Chinamwali, ambulera ikudontha.

"Achimwene, ndikufuna pulinta yosadya ndalama. Nanga kotchipa kaja ndakaona m'tauni?"

"Aphunzitsi, pa sabata mumasindikiza masamba angati?"

"Tikatsegulira, mwina 150. Mayeso akayandikira zimaposa. Pa holide ndiye zii."

Tawerengera limodzi kuseri kwa pepala lotayika. Masamba 150 kwa masabata 12 ndi 1,800. Amenewo ndi makatiriji 15 pa teremu imodzi, pomwe botolo limodzi likhoza kuwafikitsa materemu awiri ndi theka. Kwa iwo nkhani ya katiriji yathera pompo, yofunika ndi pulinta ya thanki. Chimene chatenga nthawi ndi kusankha pakati pa zimene zimapezeka kuno, chifukwa kunja zimafanana koma m'kati zimasiyana pa zinthu zitatu: hedi (kachipangizo kamene kamalavulira inki pa pepala), inki yakuda, ndi kumene inki yotayika imapita.

Hedi ya Epson, monga ya pa L3210 ndi L3250, imakankha inki ndi timakristo tonjenjemera, sitenthetsa. Imakhalitsa, koma ndi yomangiriridwa m'makina, moti ikatsekeka kotheratu kuisintha ndi ntchito ya mmisiri ndipo ndalama zake zimayandikira za pulinta ina. Za Canon PIXMA G ndi HP Smart Tank zimawiritsa kadontho ka inki kuti katumphe. Zimatha msanga kuyerekeza ndi inayo, makamaka zikagwira ntchito inki itachepa, popeza inkiyo ndi imene imaziziziritsa, koma mwini wake amatha kuzichotsa n'kuika zina ngati mmene amasinthira katiriji.

Inki yakuda nayo ili pawiri. Ya Epson 103 ndi yosungunuka ngati utoto wonyikira nsalu: zithunzi zimawala, koma dontho la mvula likagwera pa tsamba zilembo zimayenderera. Yakuda ya Canon GI-41 ndi ya HP GT53 ndi ya timibulu tokhala pamwamba pa pepala, zilembo zimatuluka zakuthwa ndipo sizisuluka msanga. Botolo lalikulu la mamililita 135, la Canon ngakhalenso la HP, analilembera masamba 6,000. Kwa munthu wonyamula mapepala a mayeso pa kabaza m'mvula ya January, kusiyana kumeneku si kwachabe.

Chachitatu anthu sachifunsa n'komwe. Nthawi iliyonse imene pulinta ikudzitsuka, imayamwa inki n'kuitaya pa thonje lokhala pansi m'kati mwake, ndipo imawerenga yokha kuti yataya yochuluka bwanji. Chiwerengero chikakwana, imaima. Pa Canon G2420 ndi G3420 thonjelo lili m'kabokosi ka MC-G02 kochotseka, mumagula kena n'kulowetsa. Pa L3210 ndi L3250 imafunika ipite kwa okonza.

Aphunzitsiwo alibe laputopu, zonse amalembera pa foni, choncho L3210 ndi G2420 zagwa zokha poti zimangolumikizidwa ndi chingwe cha USB. Zatsala L3250, G3420 ndi Smart Tank 580, zonse za Wi-Fi, zonse zokhala ndi sikana ndi fotokope, ndipo palibe imene imatembenuza yokha pepala kuti isindikize mbali zonse. Ife tapendekera ku za inki yakuda yosasuluka. Komabe tawauza kuti asanatulutse ndalama afunse wogulitsayo awaonetse botolo la inki ya pulintayo lili pa shelefu lero, osati "libwera sabata yamawa", afunsenso ngati hedi yake imapezeka ku Limbe kapena ku Blantyre. Ngati pa zitatuzi imodzi yokha ndi imene inki yake ili pafupi, atenge imeneyo.

Mawu awo oti "pa holide zii" ndi amene atidetsa nkhawa kuposa onse. Pulinta ya thanki nayo imauma ikakhala osagwira ntchito, ndipo ikauma imapweteka m'thumba kuposa kapulinta ka ku Matawale kaja. Mankhwala ake ndi tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse inayi sabata iliyonse, ngakhale palibe chosindikiza. Wochoka pakhomo mwezi wathunthu asiye wina woti azichita zimenezi. Ndipo amene amangosindikiza kalata imodzi pa miyezi iwiri asavutike n'kugula ya inki: apite kosindikizitsa m'tauni, kapena agule ya leza yakuda yokha, poti tona ndi ufa, suuma.

Masana yafika L3250 yatsopano ya banja lina la ku Chikanda lokhala ndi ana awiri pa yunivesite. Yabwera pa minibasi kuchokera ku Blantyre ili m'katoni yake, matanki ali opanda kanthu, ndiye panalibe choopa. Ikadzathiridwa inki isadzanyamulidwenso chopendeketsa kapena chogoneka chammbali. Izidzakhala chathyathyathya pamiyendo, osati kumangidwa ndi malegeni kumbuyo kwa njinga.

Tayamba ndi kuchotsa matepi onse, a kunja ndi a m'kati pansi pa sikana. Kakasiyidwa katepi kamodzi kogwira ngolo ya hedi, makina amagogoda n'kuyamba kuphethira magetsi. Mabotolo anayi, wakuda, wabuluu, wapinki ndi wachikasu, ali ndi milomo yosiyana, lililonse limangolowa pa thanki yake. Botolo silifunika kukhutchumulidwa kapena kufinyidwa: mumalizondotsa pa thanki, inki imatsika yokha n'kuima ikafika pa mzere wapamwamba. Yotsala m'botolo mumatseka n'kusunga. Kenako kuyatsa, kugwira batani loimitsira masekondi asanu mpaka getsi litayamba kuphethira, n'kuisiya ikoke inki kudzaza timapaipi ndi hedi. Zimatenga mphindi 10 kapena kuposera pang'ono, ndipo pa nthawi imeneyi isazimitsidwe, isatsegulidwe. Magetsi akathima ili pakati imayambiranso, inki ina n'kupita pachabe. N'chifukwa chake taikoka pa inveta. Inki imene yalowa m'mapaipiyo ndi imenenso imachititsa kuti mabotolo oyamba asafike masamba a pa bokosi. Ikamaliza, mulingo m'matanki umakhala utatsika, mumawonjezera yotsala ija.

Za inveta zija n'zofunika kuzidziwa kwa amene ali ndi sola. Pulinta ya inki yamtundu uwu ikamasindikiza sidya mawati opitirira 20, yofanana ndi mababu awiri a LED, pomwe ya leza ikamatenthetsa chopsereza tona imakoka mawati mazanamazana n'kugwetsa inveta yaing'ono. Choopsa kwa ya inki ndi magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka, choncho pa soketi pakhale chotetezera. Pozimitsa, dinani batani lake n'kudikira getsi lithime musanazule pulagi. Pa masekondi amenewo hedi imabwerera kumalo kwake n'kukhala pa kachivindikiro ka labala kotseka mpweya. Wozimitsira pakhoma akhoza kuisiya pamtunda, n'kuyamba kuuma. Magetsi akathima ili pakati pa ntchito, akangobwera iyatseni kuti ikadzivindikire.

Tsamba loyesera latuluka bwino. Limatchedwa nozzle check, ndipo pa makina awa limatuluka mukazimitsa, n'kuyatsanso mutagwira batani loimitsira. Pamakhala timizere topendekera ngati masitepe pa mtundu uliwonse, ndipo pasakhale podukiza. Foni poyamba inakana kuiona pulintayo chifukwa MiFi inali pa 5 GHz, pomwe iyo imamva 2.4 GHz yokha. Titasintha, Epson Smart Panel yaipeza nthawi yomweyo. Kopanda rauta, Wi-Fi Direct imalumikiza foni ndi pulinta mwachindunji osadya bando. Eni ake tawauza zitatu: lisiti ndi katoni asataye, inki isatsike kupyola mzere wapansi chifukwa mpweya ulowa m'mapaipi, ndipo chakudya chisamadyeredwe pafupi. Nyerere ndi mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina, ndipo zimawononga bolodi ya magetsi. Kansalu kophimba n'kokwanira, makamaka fumbi la October likayamba.

Yomaliza yafika chakumadzulo: ya thanki, yogulidwa yakale kwa munthu wobwera nazo kuchokera kunja. Magetsi awiri akuphethira mosinthana, sikusindikiza. Thonje ladzaza. Wina anaifufutira kale chiwerengero pa kompyuta osasintha thonjelo, ndiye pansi pake pali nyanja ya inki yakuda, mpaka yadetsa katoni. Kufufuta chiwerengero kumangonamiza makina, thonje limafunika lichotsedwe ndithu. Talichotsa, taika lina, tapukuta. Wogula yakale aziyang'ana pansi pake kaye ndi tochi, aone chikwangwani cha kumbuyo ngati chikulola mavoti 230 a kuno, poti zina za ku America ndi za 110 mpaka 120 okha, ndipo afunse nambala ya inki yake. Pulinta imodzimodzi imakhala ndi nambala ya inki yosiyana malinga ndi dera limene inagulitsidwa, ndipo makatiriji a kuno amakanidwa ndi makina a dera lina. Koposa zonse asalipire asanaone nozzle check ikutuluka pamaso pake.

Nozzle check ya pulinta yakaleyi yatuluka yodukaduka pa wakuda, ndipo m'thanki muli inki ya m'botolo lopanda dzina yothiridwa pamwamba pa ina. Inki ziwiri zosiyana zikakumana nthawi zina zimaundana ngati mkaka wosasa, n'kutseka timabowo. Tatsuka hedi kamodzi, pasintha pang'ono. Kachiwiri, mizere yabwerera yoposa theka. Kachitatu, patsala mipata inayi. Taimira pomwepo. Kutsuka mobwerezabwereza kumangomwa inki n'kudzazanso thonje latsopano lija, ndipo kutsuka kwamphamvu kotchedwa power cleaning ndi kwa pomaliza zina zonse zikakanika. Malangizo a pulintayo amati mukatsuka katatu muisiye maola 12 osasindikiza kuti thovu la mpweya likwere lokha. Taizimitsa pa batani, taiphimba. Tsamba loyesera lachitatu talemba tsiku ndi nthawi n'kulimata pa chivindikiro, kuti mawa cha m'ma 7 koloko tidzalifanizire ndi latsopano.