Alifu wosaoneka wa haadhaa wasiya kundizunguza mutu

Mtima wakhala pansi tsopano pa nkhani ya asmaa-ul-ishaara, mawu olozera a m'Chiarabu monga uyu ndi uyo. Zoti haadhaa ndi wa chachimuna, haadhihi wa chachikazi, anzanga a kumadrasa mukuzidziwa kale. Ine chinkandisowetsa tulo ndi kalembedwe. Pakamwa timakoka ndithu, haa, koma papepala pali هذا basi, alifu, chilembo chokokera mawu, pambuyo pa haa palibe. Pa هؤلاء (haa-ulaa-i, awa) n'chimodzimodzi, ndipo pa ذلك (dhaalika, uyo) alifu wosowayo ndi wa dhaa. Kenaka هاتان (haataani, awiriwa achachikazi) akutulukira ndi alifu wake wathunthu. Ndinkangoloweza mawu aliwonse paokha, mawa lake n'kuiwala.

Zinatseguka nditazindikira kuti mawuwa ndi olumikiza. Cholozera chenicheni ndi dhaa. Haa wa kutsogoloyo ntchito yake ndi kungodzutsa womvera, paja amamutcha haa-ut-tanbiih. Mukamuchotsa, n'kuika laamu wosonyeza kutali ndi kaafu wa munthu amene mukulankhula naye, mwapeza dhaalika. N'chifukwa chake haa ndi laamu wosonyeza kutaliyu sakhalira limodzi m'mawu amodzi. Tilka nayenso ndi tii, laamu ndi kaafu, kungoti yaa anagwa panjira. Alifu wa haa uja amatchulidwa, koma polemba amasiyidwa, pamwamba n'kuimika kakang'ono kaja kamene timakaona pa الرحمن (ar-rahmaan) ndi لكن (laakin). Haa akatsogolera taa, monga mu haataani, alifu amakhalabe. M'nyuzipepala za Chiarabu ngakhale kakang'onoko sakaika, amayembekezera kuti wowerenga akudziwa.

Njira yanga ndi bolopeni yofiira. Ndimakopera ayah, vesi la m'Qur'an, n'kudula cholozera chilichonse m'zidutswa zake: dhaa ndi yakuda, zophatikizazo ndi yofiira. Ndinayambira pa dhaalikal-kitaabu, ayah 2 ya Suratul Baqarah. Ndikukhulupirira kuti munthu akachita zimenezi mwezi umodzi, theka la nahawu, galamala ya Chiarabu, walimaliza, ndipo sindikuona njira ina yoposa iyi.

Chimandiwawa n'chakuti a ustazi athu mutu wonsewu anaudutsa madzulo amodzi, pakati pa swala za Asiri ndi Magharibi. Analemba mndandanda pabolodi, tinabwereza mokweza, iwo n'kufufuta. Ndikudziwa kuti ophunzira tilipo ambiri ndipo nthawi ndi yochepa, ine ndemwe ndimafika nditatopa kuchokera kuntchito. Komabe kunena kuti haa ndi chidutswa chapadera kukanawatengera mphindi zingati?

Zatsala zina. Waawu wa أولئك (ulaa-ika, awo) amalembedwa koma satchulidwa, ndipo bolopeni yanga yofiira sinamupezere malo. Palinso lamulo loti zinthu zambiri zopanda nzeru zimalozedwa ngati chachikazi chimodzi, haadhihi kutubun (awa ndi mabuku), tilka aayaatul-laah (amenewo ndi ma ayah a Allah). Papepala ndikulitsata bwinobwino. Koma a ustazi akadzanyamula mabuku atatu n'kundifunsa mwadzidzidzi, kaya pakamwa padzatuluka haadhihi, kaya lilime lidzathamangira haa-ulaa-i, sindikudziwa.