Loweruka Loyera pa mzere wa petulo

7 Epulo 2012

Ndinadzuka kusanache, osati chifukwa cha khama ayi, koma galimoto. Kagalimoto kanga kagona pa mzere wa petulo kuyambira Lachinayi masana, ndipo mnyamata amene ndimamupatsa kangachepe kuti azikayang'anira usiku amachoka ikangokwana 5 koloko. Ndiye ndinatenga chipewa, kawailesi ndi buledi wadzulo, n'kutsetsereka wapansi. Kunali kachisanu ka Epulo kaja, nsapato zonse mame okhaokha.

Pamzere ndinapeza anthu ali m'timagulu, aliyense khutu ku wailesi. Miyezi yonseyi moni wathu wakhala wakuti, "Thanki yafika?" Lero moni unali wakuti, "Alengeza?"

Chovuta kuchilemba bwino n'chakuti tonse timadziwa kale. Chiyambire Lachinayi, pamene zinamveka kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika akomoka kunyumba ya boma ku Lilongwe ndipo athamangira nawo ku Kamuzu Central, mafoni sanapume. Usiku womwewo ndege inawanyamula ulendo wa ku South Africa. Dzulo, Lachisanu Loyera, ife tikuyenda Njira ya Mtanda, mawailesi akunja anali atanena kale kuti munthu watisiya. A Bakili Muluzi anaitana atolankhani kunena kuti malamulo a dziko atsatidwe. Koma boma, eni ake maliro, linangoti zii. Kenaka usiku anthu atagona, pa kanema wa MBC panatulukira akuluakulu a boma asanu ndi mmodzi, patsogolo mayi Patricia Kaliati, kudzatiuza kuti mayi Joyce Banda, wachiwiri kwa pulezidenti, sangatenge mpando poti anayambitsa chipani chawo. Ine ndi mayi akunyumba tinangoyang'anana. Mukukambirana za wolowa chokolo, chikhalirecho simunatiuze kuti mwamuna wamwalira?

Chilengezo chinabwera m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, kuchokera ku ofesi ya Pulezidenti ndi nduna. Mawu ochepa. A Bingu amwalira, ali ndi zaka 78.

Woyamba kuyankha anali dalaivala wa minibasi yomwe ili patsogolo panga. Anatsamira hutala osachotsa dzanja. Wina kumbuyo anavomera, winanso, mpaka mzere wonse unangoti pipiii ngati mkwatibwi akudutsa. Mnyamata wogulitsa mayunitsi anavula jekete lake n'kumalizunguza m'mwamba. Mayi wina wa zitumbuwa analuluta kamodzi, kenaka n'kudzigwira pakamwa ngati watukwana pamaso pa apongozi.

Pafupi ndi ine panali mdala wina, wa pikapu yakale ya Datsun, amene takhala tikugawana naye chimanga chootcha masiku atatu onsewa. Iye anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa. Phokoso litachepa anapita pawindo la minibasi ija.

"Mwana wanga, maliro saimbira hutala."

Dalaivala sanakweze mawu. "Madala, aja anaikidwa ku Zolozolo, ndani anawavulira chipewa?"

Mdala uja anakhala kanthawi osayankha. Kenaka anati, "Ndinavula. Tsiku limenelonso ndinavula." Ndipo anabwerera ku pikapu yake, chipewa chili m'manja.

Ndiyenera kunena zoona pano, poti ndikulembera ndekha ndi inu ochepa amene mumawerenga. Mawu aja atamveka pa wailesi, m'chifuwa mwanga munapepuka. Sindinaimbe hutala, koma dzanja linafuna. Kenaka manyazi anandigwira, manyazi a munthu woleredwa ndi amayi amene sadutsa pamene aika masamba pamsewu osatsitsa katundu wapamutu. Ndipo manyaziwo sanachotse kupepuka kuja. Zonse ziwiri zakhala nane tsiku lonse ngati alendo awiri osayankhulana pa mphasa imodzi.

Dalaivala uja sananame. Pa 19 Julayi chaka chatha tinawaona anyamata a zikwanje akuzungulira m'tauni muno ya Blantyre pa magalimoto a chipani cholamula cha DPP, masana dzuwa likuswa mtengo. M'mawa mwake anthu anavala zofiira n'kupita pamsewu kukadandaula za mafuta, za ndalama zakunja, za ulamuliro, ndipo pomatha masiku awiri anthu pafupifupi 20 anali atagona, ambiri a iwo ku Mzuzu, kumene ena anaikidwa kumanda a Zolozolo aja. Mu Sepitembala mwana wasukulu wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulu pompo. Ku Chancellor College ana anakhala miyezi osaphunzira chifukwa mphunzitsi, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi pa zomwe ananena m'kalasi. Kazembe wa Britain anathamangitsidwa, thandizo nalo linamutsata. Ndipo ife tili pano, anthu akuluakulu a ndevu zathu, kugona m'magalimoto ngati alonda. Uyu wa minibasi ali ndi bwana amene amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya mafuta alipo kaya palibe. Ndingamuuze chiyani za ulemu?

Cha m'ma 10 koloko foni inalira. Amayi, kuchokera kumudzi ku Phalombe. Amaimba pa foni ya mdzukulu wawo, ndipo amayankhula mokuwa ngati ndili kutsidya la mtsinje.

"Mwanawe, wamva zovutazi?"

"Ndamva, amayi."

"Tasiyidwa pamtetete."

Mawu awo anali a munthu amene walira kale. Ndinachoka pagulu, kuopa kuti angamve kuseka kwa anyamata kumbuyo kwanga. Anayamba kundiwerengera, ngati kuti ine sindinaliko. Njala ya 2002, pamene anthu anadya zitsa za nthochi ndipo adzukulu anatopa ndi kukumba. Chilala cha 2005, pamene iwo ankagona pamzere wa chimanga masiku awiri kuti agule tochepa ta m'kathumba. Kenaka makuponi. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K500, ndalama yoti mayi wamasiye akhoza kuipeza atagulitsa nkhuku. Chaka chimene nkhokwe inadzaza mpaka anamanga ina pambali. Malata amene ali padenga lawo lero sanagule ndine, ngakhale ndimakonda kuti anthu aziganiza choncho. Anagula ndi chimanga chotsala.

"Inu a m'tauni mukulira petulo," anatero. "Petulo amadya ndani?"

Sindinawayankhe, chifukwa nawonso sananame. Mu 2009 ineyo ndinamuvotera Bingu, ndipo sindinali ndekha, anthu awiri mwa atatu alionse anachita chimodzimodzi. Tinkamutcha Mose wa lero, chitsulo cha njanji. Pamene anasankhidwa kukhala wapampando wa African Union mu 2010 tinayenda mapewa m'mwamba, kuti dziko lopemphetsa chimanga lija tsopano likuphunzitsa ena kulima. Iye ankakonda kunena kuti ntchito za manja ake zimuchitire umboni. Zikumuchitiradi lero, koma mboni zake sizikugwirizana. Ina ili ku Phalombe ndi nkhokwe yake, ina ili pano ndi chigubu chopanda kanthu.

Ndinayesa kuwadandaulira amayi za kubisa kuja, kuti masiku awiri athunthu akutinamiza ngati ana. Iwo anati, "Nanga imfa ya mfumu amalengeza ngati ya nkhuku? Akuluakulu amayamba akhala pansi." Ndipo n'zoona, kwathu mfumu ikagona sauza anthu nthawi yomweyo, ndipo ngakhale munthu wamba akamwalira amayi sayamba kubuma mfumu isanauzidwe. Koma kumudzi akuluakulu amakhala pansi kuti maliro ayende mwaulemu. Awa anakhala pansi kuti aone mpando aulowetsa bwanji kwa a Peter, mng'ono wa malemu, podumpha chimene malamulo amanena poyera mu gawo 83, kuti pulezidenti akamwalira wachiwiri wake ndiye amalowa.

Ndaganizira zimenezi tsiku lonse, ndipo ndikuona kuti amene anamulanda Bingu maliro si dalaivala wa hutala uja. Ndi anthu ake omwe. Akanatiuza Lachinayi lomwelo kuti bambo agwa, atisiya, ndikhulupirira ambiri tikanadzidzimuka, tikanagwira pakamwa, ngakhale odana naye. Imfa yadzidzidzi imatseka pakamwa. Koma anatipatsa masiku awiri a manong'onong'o, ndipo m'masiku awiri amenewo imfa inasanduka nthabwala. Mauthenga oseka anayenda m'mafoni. Ena ankawerengera masiku a ulosi wa TB Joshua wa ku Nigeria, amene mu Febuluwale ananena kuti mtsogoleri wina wokalamba wa mu Africa amwalira. Ena ankafunsa ngati ndege ija inapeza mafuta pamzere uti. Pamene chilengezo chimabwera, chisoni chinapeza malo ake atakhalapo kale ena.

Masana nkhani inatembenuka msanga kuposa momwe ndingalembere. Mayi Banda anayankhula kwa atolankhani kunyumba kwawo ku Area 12, mkulu wa asilikali General Henry Odillo ali pambali pawo, ndipo aliyense pamzere anamvetsa tanthauzo la yunifolomu imeneyo popanda womasulira. Analengeza masiku khumi okhuza maliro. Chakumadzulo analumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, nyumba yomwe anamanga Matchaina m'nthawi ya Bingu yemweyo, pamaso pa mkulu wa makhoti a Lovemore Munlo. Mayi amene anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, amene akuluakulu a chipanicho ankamunyoza pamisonkhano, lero ndi pulezidenti, woyamba wamkazi m'dziko muno. Anapempha kuti pasakhale kubwezerana. Tinamvera pa kawailesi kanga, anthu khumi ndi awiri titaunjikana pa boneti, batire ikutha. Mdala wa Datsun anali pomwepo, dalaivala wa minibasi naye pomwepo, phewa ndi phewa.

Chimene chinandiseketsa, ngakhale sindimafuna kuseka, ndi mtundu wa olenji. Sindikudziwa kuti nsalu zimenezi zimabisala kuti. Dzulo lomweli tauni yonse inali ya buluu wa DPP kapena yopanda mtundu, koma pofika 4 koloko ndinawerenga anthu asanu ndi awiri odutsa pamsewu atavala za PP, chipani cha mayi Banda. Mmodzi ndimamudziwa bwino, ndipo ndikudziwanso mtundu wa kapu imene anavala mwezi watha. Ndinamupatsa moni, iye anayang'ana kumbali.

Thanki sinabwere. Cha m'ma 5 mnyamata wanga anafika, ndinamusiyira theka la buledi ndi kumuuza kuti asagone. Pobwerera ndinadutsa pa ofesi ina ya boma pomwe mlonda anali atatsitsa mbendera kufika pakati. Ndi mbendera ija Bingu anasintha mu 2010, ya dzuwa loyera lathunthu, pamene anatiuza kuti dzuwa la Malawi silikutulukanso koma lafika pamutu chifukwa tatukuka. Kunalibe mphepo, ndiye inangolendewera, dzuwa lija litapindika pakati osaoneka bwino.

Kunyumba ndinapeza mayi akunyumba akusita zovala za kutchalitchi ndi simbi yamakala, magetsi atapita mwachizolowezi. Iwo tsiku lawo linathera pamzere wa shuga, ndipo anabwera ndi paketi imodzi. Akuti kumeneko amayi amakangana zomwezo, wina kuti Mulungu wayankha, wina kuti samalani pakamwa, chaona mnzako chapita. Mwana wathu wamkazi, wa Sitandade 6, anafunsa ngati chithunzi cha m'ofesi ya ahedi achichotsa sukulu ikatsegulira, ndiponso ngati mayeso akafunsa dzina la pulezidenti alembe uti. Ndinamuuza kuti alembe Joyce Banda. Analemba pachikuto cha kope lake kuti asaiwale, n'kufunsa kalembedwe ka Joyce.

Usiku tinapita ku Misa ya moto wa Pasaka. Tinayatsirana makandulo panja mumdima monga chaka chilichonse. Pa mapemphero a anthu onse, wowerenga anapempherera mzimu wa malemu pulezidenti wathu kuti uuse mumtendere, ndipo ndinatchera khutu dala kuti ndimve mpingo uyankha bwanji. Unayankha. Osati mwamphamvu ngati pamene anapempherera mtendere wa dziko, koma unayankha. Bambo wina kutsogolo kwanga sanatsegule pakamwa, anangoyang'ana kandulo yake, phula likudonthera pa chala. Ine ndinayankha, mochedwa pang'ono kuposa ena.

Tikutuluka, foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga wochokera kwa mdzukulu uja wa ku Phalombe, wolembedwa mmene agogo ake anamuuzira: "Akuti mufunse kumeneko ngati makuponi abwera chaka chino, ndipo maliro akakhala ku Ndata muwatumizire ya basi." Ndawayankha kuti ya basi nditumiza Lachiwiri mabanki akatsegula. Za makuponi sindinayankhe. Alamu yanga ndaitchera 4 koloko, poti mnyamata uja amachoka 5.