Ulendo wathu wokacheza kwa anzathu a matumba

Inu amene munatsala Loweruka lija mwakhala mukufunsa mmene tinayendera, ndipo popeza aliyense akukometsa mbali yake, ndaona kuti ndilembe zoona zake zisanasanduke nthano. Tinanyamuka anthu 14, ngakhale kuti a msungichuma athu akuumirirabe kuti tinali 28, poti iwo amawerenga munthu payekha, stoma yakenso payokha (stoma ndi kabowo ka pamimba kamene ife a m'gululi tinatsegulidwa pa opaleshoni kuti chimbudzi chizitulukirapo n'kugwera m'thumba lomata pakhungu). Dalaivala anadabwa kuona aliyense atakumbatira kachikwama pamiyendo n'kukana kuti kaikidwe kumbuyo, ndipo sitinamuuze kuti matumba osinthira akatenthedwa, zomatira zake zimafewa n'kuleka kugwira khungu.

Tsoka linagwera ine. Titayenda pafupifupi ola limodzi, lamba wa pampando anapanikiza thumba langa, lomwe linali litatupa kale ndi mpweya, ndipo ndinamva kufunda kuja tonse timakudziwa kukutsikira m'chiuno. Zikanakhala zaka ziwiri zapitazo, ndikanalira njira yonse. Koma amayi athu apampando anangondiyang'ana kumaso n'kuuza dalaivala kuti aime, ati mlendo wa alembi athu (alembiwo ndine) akufuna kutsika. Amayi atatu ananditchinga ndi nsalu, wina anagwira sizasi, wina n'kuyamba wafunditsa thumba latsopano m'khwapa kuti limate bwino, ndipo pasanathe mphindi khumi ndinali nditabwerera pampando. Chimene sindinawakhululukire n'chakuti anakangana pamaso panga za kukula kwa bowo loti adule pa thumba latsopanolo ngati kuti mimbayo ndi ya gulu.

Za maphunziro, namwino wa anzathuwo anatikumbutsa kuti thumba lizikhuthulidwa lisanafike theka, kuti stoma imachepa m'milungu 6 mpaka 8 yoyambirira kotero iziyezedwa kawirikawiri, ndiponso kuti a ileostomy (stoma ya matumbo aang'ono) amataya madzi ndi mchere wambiri kuposa a colostomy (stoma ya matumbo aakulu). Anatiuzanso kuti thumba lomata pakhungu analiganizira ndi namwino wa ku Denmark, Elise Sørensen, mu 1954, ataona mchemwali wake akuopa kutuluka m'nyumba atachitidwa opaleshoni.

Nkhani imene mukufuna ndi iyi. Tisanadye, wapampando wa anzathuwo anapempha kuti tikhale chete kwa mphindi imodzi pokumbukira mamembala amene anatisiya. Chipinda chonse chili zii, Bwana Mkubwa anayankhula. Kwa amene mwalowa kumene, limeneli ndi dzina limene achikulire ena a m'gulu lathu anapatsa stoma yawo chifukwa imayankhula nthawi imene yafuna, ndipo sikunama kwawo, pakuti stoma ilibe mnofu wotseka umene munthu angaugwire. Phokosolo linali lalitali, lokwera kumapeto ngati funso. Achikulirewo, osatukula n'komwe mutu, anati, "Pepani, nawonso akupereka ulemu."

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali bambo wachinyamata uja amene anachitidwa opaleshoni miyezi isanu yapitayo, amene chilowereni m'gulu tinali tisanamve mawu ake, ndipo ulendowu anabwera mochita kukokedwa ndi akazi ake. Anaseka mpaka misozi, dzanja lili pamimba, ndipo sindinganene motsimikiza pamene kuseka kunathera n'kuyamba kulira. Sindikukayika kuti amene tinkawakumbukirawo akanakhala oyamba kugwa pamipando. Nthabwala yomweyo ikanachokera kwa munthu wopanda thumba ikanatibaya mumtima. Imakoma chifukwa woinenayo nayenso anadzukapo pakati pa usiku kukachapa zofunda.

Pa chakudya bamboyo anaulula kuti chiyambire dzulo lake anali asanadye kanthu poopa kuchita manyazi m'basi. Achikulire aja anamukankhira mbale n'kumuuza kuti mimba yopanda kanthu ndiyo imachulutsa mpweya, atafune bwino basi. Anamaliza mbale yonse, ndipo pobwerera anatifunsa ngati munthu amaloledwa kupatsa stoma dzina la apongozi ake. Nkhaniyi taisiyira komiti.

Tikuthokoza anzathu amene anatilandira, makamaka poika ndowa yokhala ndi chivundikiro ndiponso kashelefu m'chimbudzi, chinthu chimene amachiganizira ndi mwini thumba yekha. Tikuthokozanso akazi a bambo uja chifukwa cha khama lawo, ndi dalaivala amene anaima osafunsa mafunso. Amene munatsala ndi sizasi yanga yokhota ija, mubwere nayo pa msonkhano wa mwezi wamawa.