Chiswamphika cha kwa apongozi

Ndinapita kwa apongozi ku Mpondasi mwezi wa Okutobala, nthawi imene Mangochi imatentha ngati wina waiwala kuzimitsa mbaula. Madzulo magetsi anathima, tinakhala pakhonde tikudalira kababu ka sola. Amayi anali ataphika chambo mumphika wadothi umene anasiyiridwa ndi malemu mayi awo. Chambo masiku ano sichidyedwa wamba ngakhale kunyanja komweko, ndiye anagula chifukwa cha ine mkamwini. Mphikawo anauphula n'kuuika pambali pa mpando wanga, nthunzi ikutuluka.

Kenako chiswamphika chinatera pachipupa pafupi ndi babu. Chobiriwira, chachitali ngati chala chamkombaphala, manja chitapinda ngati abusa akuyamba pemphero. Ana anabalalika. Ine poti ndimaphunzitsa sayansi kupulayimale, ndinaona kuti mpata wodzionetsa ndi umenewu.

"Musaope," ndinatero, "chilibe ululu chimenechi." Ndinafotokoza kuti padziko lonse pali mitundu yoposa 2,400, yambiri kumadera otentha ngati kwathu kuno, kuti ndi chibale wa mphemvu ndi chiswe, ndipo chimadya ziwala ndi ntchentche pozibisalira phee mpaka zifike pafupi. Apongozi aamuna ankangogwedeza mutu. Mlamu wanga, amene sasowa chonena, anafunsa kuti, "Alamu, n'zoona kuti chachikazi chimadya mwamuna wake?" Ndinavomera kuti nthawi zina zimachitika, ndipo chimayambira kumutu. Ndinayamba kulongosola nthawi imene zimachitikira, koma mayi a kunyumba anatsokomola mwadala, ndinakumbukira kuti ndili pamaso pa apongozi.

Pofuna kusintha nkhani, ndinaloza chala pafupi nacho kuti aone mmene chimatembenuzira mutu mpaka kuyang'ana kumbuyo. Chinatembenukadi, n'kundiyang'ana ine ndi maso ake otong'okawo. Kenako phururu! Chinatera pakolala n'kutsikira m'malaya.

Abale, minga ya pamanja paja si yokongoletsa ayi. Ndinakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ndinadumpha, ndinavula malaya pamaso pa apongozi aakazi, mabatani akuthothoka, n'kubwerera chafutambuyo. Chidendene changa chinakumana ndi mphika uja. Phwaa! Msuzi mumchenga, chambo mumchenga, mutu wake galu n'kuthawa nawo kuseri kwa bafa. Chiswamphika chinatuluka bwinobwino, n'kubwerera pachipupa, manja chitapindanso.

Panali zii. Amayi anatola mapale awiri, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, makolo athu dzinali sanaphonye. Koma sanatiuze kuti chimachita kutuma munthu."

Usiku umenewo nsima tinadyera chigwada. Mlamu uja mpaka lero akandiimbira foni amayamba ndi kufunsa kuti mwa mitundu 2,400 ija, ine ndili m'gulu liti.