Chilonda cha kuphazi chapola, zikomo nonse

Abale ndi alongo, chilonda chija chandisautsa zaka zambiri pansi pa phazi lakumanja chapola. Adokotala achiona, akanikiza ndi chala mbali zonse, ndipo akuti khungu latsekana bwinobwino. Ndiye ndati ndisangokhala duu ngati ndachira ndekha.

Ambiri mukudziwa kuti ndinadwala khate. Mankhwala ake ndinamwa miyezi 12 osadumphitsa, atatu aja a rifampicin, dapsone ndi clofazimine, amene bungwe la WHO lakhala likupereka ulere kuyambira 1995. Tizilombo tinafa kalekale, sindingapatsirenso munthu. Koma mankhwalawa sadzutsa mitsempha imene inawonongeka kale. Mtsempha wodutsa kuseri kwa kakolo ukawonongeka, pansi pa phazi pamachita dzanzi, thukuta limaleka kutuluka, khungu limauma n'kumang'ambika. Kamwala kalowa mu nsapato, iwe osamva, uyenda nako tsiku lonse, madzulo povula n'kupeza sokosi ili magazi okhaokha. Changa chinayamba chomwecho, pamnofu wa kunsi kwa chala chachikulu.

Ndiyambe ndi inu anamwino amene munkanditsuka. Munkagoneka phazi langa pathebulo, n'kumasenga ndi kampeni khungu lokhuthala lozungulira chilonda, pang'onopang'ono, mpaka m'mbali mutafewa, kenako n'kutsuka ndi madzi a mchere n'kumanga. Masiku amene chinkanunkha simunatembenuze nkhope ngakhale kamodzi, ndipo ife odwala khate zoterezi timaziona msanga. Ndinu munandiuza mosapita m'mbali kuti chilonda changa sichikusowa mafuta odzola atsopano, chikusowa kupuma. Chilonda cha munthu wina chimapola chifukwa chimapweteka, mwini wake amatsimphina osachiponda. Ine changa ndinkachiponda ndi thupi lonse ndikuseka. Munandiuzanso za dokotala Paul Brand, amene ankagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India, kuti ndiye anaonetsa kuti si khate limene limadya zala ndi mapazi, koma kuvulala kobwerezabwereza pamalo posamva ululu. Nkhani imeneyo inandichotsa mantha akuti thupi langa likuwola.

Adokotala, zikomo pondijambula ekisire kuti muone ngati matenda afika pafupa, komanso podula kachidutswa ka mnofu kukakayeza, popeza chilonda chokhalitsa nthawi zina chimasanduka khansa. Zonse zinatuluka bwino. Kenako munandimanga chikhakha kuchokera kunsi kwa bondo mpaka kuzala, chogwira phazi lonse kuti kulemera kwa thupi kusamagwere pamalo amodzi. Kunena zoona ndinadana nacho. N'cholemera, chimatentha, kusamba kwake n'kovuta. Koma tsiku limene munachidula, dzenje limene kale munkalowa nsonga ya chala linali litatsala kadontho kofiira.

Mayi a kunyumba, pano mawu akundichepera. Adokotala akati "musayende" zimamveka zophweka, koma panyumba pali maulendo ambirimbiri amene munthu sawawerenga, ndipo onsewo anagwera inu pamwamba pa ntchito zanu. Munkandibisira nsapato ndikayamba kutopa ndi mpando. Tinakanganapo, inde, ndipo munapambana ndinu. Madzulo alionse mumabwera ndi beseni, mumayamba mwapisamo dzanja lanu kuti madzi asakhale otentha, chifukwa phazi langa lingapse ine osadziwa. Ndimaviika mapazi kwa mphindi 20, timapala khungu lolimba ndi kamwala kokhakhala, n'kudzola mafuta khungu lisanaume kuti chinyezi chikhalire momwemo. Ntchito yooneka yaing'ono, koma kuichita tsiku ndi tsiku osatopa si masewera.

Mdzukulu wanga, iwe wa kagalasi, zikomo. Maso anga safika bwino pansi pa phazi, ndiye umagwada n'kumafufuza pakati pa zala, kunena pamene pafiira, pamene patentha, pamene payamba thuza. Ndiwenso umakutumula nsapato zanga ndisanavale.

Amisiri amene munandisokera nsapato, Mulungu akudalitseni. Munajambula phazi langa papepala, munaika mkati mphira yofewa ija amati MCR, pansi n'kuikapo cholimba kuti minga isaboole, ndipo simunakhomemo msomali ngakhale umodzi. Koposa zonse munazisoka mooneka bwino. Enafe timasiya nsapato za kuchipatala pansi pa bedi chifukwa zimatiulula kwa anthu. Izi ndimavala mosachita manyazi.

Anzanga a m'gulu lathu lodzisamalira, inu amene timavulirana nsapato n'kumadzudzulana wina akanyalanyaza mng'alu, tipitirize. Amene zilonda zanu zidakali zotseguka, musataye mtima, komanso musadikire. Phazi likatupa, likatentha, likayamba mafinya kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo pamafunika mankhwala opha tizilombo. Ndathokozanso achibale ndi anansi amene munkalowa m'nyumba n'kukhala pafupi nane, osangopereka moni muli pakhomo.

Pomaliza ndili ndi pempho. Adokotala andichenjeza kuti khungu la pachipsera ndi lopyapyala, ndipo zilonda zoterezi zimakonda kuyambiranso pamalo pomwepo. Choncho mukandiona ndikuyenda timasitepe tating'onoting'ono, ndikupumira panjira, kapena ndikukana ulendo wautali wapansi, musati ndayamba ulesi kapena matama. Ndipo mukaona banga lonyowa pa sokosi yanga, musachite manyazi, ndiuzeni pomwepo, chifukwa ine sindingamve.

Zikomo kwambiri nonse.