Eden Park ndi malume anga a ku Joni

Malume anakhalitsa ku Joni, ndiye ukangotchula Eden Park, bwalo la masewero la ku Auckland ku New Zealand, amapukusa mutu. Mu Malichi 2015 tinaonera limodzi pa TV kuno ku Chitakale semifainolo ya World Cup ya kiriketi pabwaloli, South Africa ndi New Zealand. Ku Auckland mvula inadukiza masewero, ife tikuphwetsa tiyi ndi chinangwa. Kumapeto Grant Elliott, wobadwira ku Johannesburg komweko koma wosewerera New Zealand, anawomba mpira woponyedwa ndi Dale Steyn wa South Africa n'kukagwera mwa anthu oonerera, New Zealand n'kupambana. Nsima ya masana malume sanaikhudze.

"Mphwanga, bwalo lija n'lachinyengo," amatero mpaka lero. Penapake sakunama. Bwaloli limakomera ragibi, choncho pa kiriketi malire a kutsogolo ndi kumbuyo amakhala pafupi kwambiri, mamita ngati 55 basi. Ngakhale kachigawo koponyerapo mpira amakakonzera padera n'kudzakaika pakati. Kalekale pamalopo panali dambo.

Pa ragibi ndiye musanene. Mafainolo a World Cup a 1987 ndi 2011 anachitikira pomwepo, onse New Zealand inapambana.

Nkhani imene malume amaikonda ndi ya 1981, pamene kandege kanazungulira bwaloli kakuponya mapaketi a ufa, kutsutsa tsankho la ku South Africa, ma Springbok, timu ya ragibi ya dzikolo, ali mkati mosewera. Akamaisimba amadandaula ufawo.