Tsiku limene dziko la amonke linachedwa kumpikisano

Ine ndi anzanga asanu tili ndi masewera amene tinayambitsa pa WhatsApp, oti aliyense amapeka dziko lake, nalipatsa mbendera ndi malamulo, kenako mayikowo amakumana pampikisano wa bawo pakhonde pa mmodzi wa ife. Ine ndinapeka dziko la amonke okhaokha, ndipo ndinadzisankha kukhala mlembi wamkulu wa bungwe lake loyendetsa mipikisano ya pakati pa mayiko, udindo umene panalibe wondilimbirana.

Malamulo ndinawatengera kuphiri la Athos ku Greece, kumene kuli nyumba za amonke 20 zodzilamulira zokha, ndipo munthu wamkazi saloledwa kupondako, ngakhalenso ziweto zazikazi, kupatulapo amphaka ogwira makoswe. Mayi a kunyumba atawerenga ndime imeneyi anangonena kuti nthumwi ya dziko lotere izidziphikira yokha nsima.

Chimene chinandigwetsa m'mbuna ndi kalendala. Amonke a ku Athos amatsatirabe kalendala yakale ya Julius Caesar, imene imatsalira m'mbuyo ndi masiku 13, ndipo ine, pofuna kuti bungwe langa likhale lenileni, ndinalemba masiku ake onse motero m'kope langa. Uthenga utabwera woti mpikisano udzakhalako pa 14 Marichi, ndinaulowetsa m'kope muja osasintha kanthu, ndipo ndinadabwa kuti anzanga anatonthola msanga pagulu, koma ndinayesa kuti akuchita mantha ndi luso langa.

Pa 27 Marichi ndinavala mkanjo wakuda wobwereka, ndinamata ndevu za khonje pachibwano, ndipo ndinanyamuka bawo ili m'khwapa. Pakhonde paja ndinapeza anthu ambiri atakhala pamikeka mwaulemu, ndipo mtima unandiuza kuti amenewa ndi oonerera. Koma anali ankhoswe, atabwera kudzakambirana za ukwati wa mlongo wa mnzangayo. Gogo wina atandiona anagwada, nati: “Takulandirani abambo, mwafika nthawi yabwino, titsegulireni ndi pemphero.”

Ndinapemphera ndithu, chifukwa kukana kukanaoneka mwano, koma ndili mkati mwa kudalitsa banja latsopanolo thukuta linasungunula ulimbo, ndevu zinagwera m'mbale ya thobwa, ndipo nkhomo za bawo zinakhuthukira pansi n'kumwazika mpaka kumapazi a malume a mkwati.

Mnzangayo anandikokera kuseri kwa nyumba misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, nandiuza kuti mpikisano unachitika masabata awiri apitawo, dziko langa linagonja chifukwa chosabwera, ndipo mphoto inali nkhuku yathadzi imene opambana anadya kalekale. Ndinamuyankha, monga mlembi wamkulu, kuti bungwe langa silikanailandira n'komwe, popeza thadzi saloledwa kulowa m'dziko lathu.